Funsani Amakaniko: Magetsi a galimoto yakale akayamba kuyaka mwakufuna kwawo

Mwezi uno makalata ambiri amene afika akulira chinthu chimodzi, magetsi a galimoto oti lero ayaka mawa athima, ukapita nayo kugalaja ikuyaka bwinobwino ngati ikukunyoza, ungotuluka pageti yayambanso zake zija. Ndasankhapo asanu ndi imodzi, ena ndawadulako chifukwa eni ake analemba mbiri yonse ya galimoto kuyambira tsiku lomwe anaigula.

FUNSO: Amakaniko, galimoto yanga ndi yakale ndithu, ya 1996, injini ilibe vuto koma hedilaiti ya kumanzere ikundisowetsa mtendere. Nthawi zina imawala bwinobwino, nthawi zina imangofiira ngati kandulo, ndikagunda bampu imathima kenako nkuyakanso yokha. Babu ndasintha katatu, fyuzi ndinasinthanso ngakhale sinali yopsa, mnzanga wina anayeza ndi mita akuti 12 volts ikufika nde vuto palibe. Nanga ngati moto ukufika bwanji sikuwala? Ndatopa kuyenda usiku ndi diso limodzi.
Dalaivala wotopa

YANKHO: Achimwene, choyamba siyani kugula mababu, atatu amene munachotsawo mwina onse ndi abwino, asungeni. Babu ikapsa kawirikawiri imapsa basi, siyidzukanso, nde ngati yanu ikuthima nkuyakanso pabampu ndiye kuti penapake pali polumikizira pomwe pakugwirana mwa apo ndi apo.

Tiyeni tiganize kaye tisanagwire sipanala. Mwati ya kumanzere yokha, ya kumanja ilibe vuto. Swichi ya pachiwongolero ija imatumikira mbali zonse ziwiri, rileyi, kaswichi ka magetsi kotumiza moto kunyali, nayonso pa magalimoto ambiri ndi imodzi ya mbali zonse, nde zikanakhala zimenezo bwenzi onse awiri akuthimira limodzi. Apa mwachotsa kale theka la galimoto osatsegula kanthu. Zatsala ndi zinthu za kumanzere kokha: pulagi yomwe imalowa kumbuyo kwa babu, waya wa ethi (wobwezera moto kubatire kudzera mu bodi) wa mbali imeneyo, ndi pomwe pamakhala fyuzi yake, poti magalimoto ambiri ali ndi fyuzi ya kumanzere payokha ya kumanja payokha.

Tsono za mnzanu wa 12 volts uja. Sananame, koma anayeza molakwika, ndipo ndikukhulupirira anazula pulagi nkuyeza babu ili pambali. Mita ija siyikoka moto, kamene imakoka ndi kochepetsetsa moti ngakhale waya atadukaduka mkati nkutsala kachingwe kamodzi kopyapyala ngati tsitsi, mita iwonetsabe 12. Koma babu ya H4, ija ya miyendo itatu yolembedwa 60/55W, imafuna pafupifupi 5 amps, nde kachingwe kamodzi kaja kapena polumikizira padzimbiri sipangadutse zimenezo. Zili ngati paipi ya madzi yoti yadzadza zinyalala mkati, mpopi uli chitsekere mphamvu ya madzi imaoneka ngati ilipo yonse, mungotsegula kukutuluka timadontho. Chifukwa chake magetsi timayeza akugwira ntchito, pulagi ili m'malo mwake, nyali zili zoyatsa.

Chitani chonchi. Ikani mita pa DC 20 volts, yatsani hedilaiti, chala chimodzi cha mita gusitsani pa mutu weniweni wa batire wa positive, osati pa kilampu koma pa mtovu penipeni, chinacho lowetsani kumbuyo kwa pulagi pa mwendo womwe ukubweretsa moto. Zomwe mita iwonetse apo si moto womwe ukufika, ndi moto womwe ukutayika panjira. Pa waya wabwino musapitirire 0.5 volts. Kenako chimodzimodzi mbali inayo, chala china pa mutu wa negative wa batire, china pa mwendo wa ethi wa babu, apa tikufuna 0.2 kapena kucheperapo. Mukaona 1, 2 kaya 3 volts, mwaipeza mbali yomwe ikudwala. Musaderere kuti ndi volt imodzi yokha, babu ya halogen ikaperewera volt imodzi kuwala kwake kumatsika ndi pafupifupi kota, zikakhala ziwiri kapena zitatu ndiye kandulo yanu ija.

Poti vuto lanu limabwera pabampu, bampuyo muipange nokha galimoto itaima. Nyali zili zoyaka, wina aime kutsogolo aziyang'ana, inu muzigwedeza mawaya pang'onopang'ono, kuyambira papulagi, kutsata mtolo wa mawaya uja, mpaka kubokosi la mafyuzi, muzikankha fyuzi ndi chala, muzigogoda bokosilo ndi chigwiriro cha sikuludilaiva. Pomwe nyali iphethire inu mutagwira, ndi pomwepo. Musagwedeze mtolo wonse nthawi imodzi mwaukali chifukwa mutha kulibisa vutolo kwa sabata imodzi osadziwa kuti linali pati, ndipo lidzabweranso usiku mvula ikugwa.

Kunena zoona, pa magalimoto a zaka zimenezi ine ndimayamba kukayikira pulagi yomweyo. Izuleni muyiyang'ane mkati ndi tochi. Mukaona pulasitiki yasanduka yofiirira kapena yasungunuka pa mwendo umodzi, timano ta mkati tatakasuka sitikuluma mwendo wa babu, yankho ndi limenelo. Polumikizira pakangotakasuka pamatentha, kutenthako kumafewetsa chitsulo, chikafewa pamatakasukanso kwambiri, basi mpaka kusungunuka. Kufinya timanoto ndi pulayala kumathandiza kwa masiku ochepa chabe, chitsulo chikapsa sichibwereranso mphamvu yake, dulani pulagiyo muikepo ina, ndipo podula mupitirire pomwe waya wauma mpaka mupeze kopa wowala. Kawirikawiri zoterezi zimayamba chifukwa mwini wake wakale anaikamo mababu a 100/90W pofuna kuwala kwambiri, amenewo amakoka 8 amps pa waya womwe anaupangira 5.

Ngati pulagi ili bwino tsatirani waya wa ethi mpaka pomwe wamangidwa ndi bauti ku bodi, nthawi zambiri pafupi ndi nyali yomweyo mkati mwa boneti. Masulani, palani ndi sandipepa kachitsulo ka waya ndi bodi yomwe mpaka ziwale, mangani zolimba, kenako pakani girizi pamwamba kuti madzi asalowe. Chenjezo limodzi, ma Toyota akale ambiri anawalumikiza mozondoka, moto umafika kaye kubabu ndipo swichi imadula mbali ya ethi, nde pa amenewo simupeza waya wa ethi wa hedilaiti pafupi ndi nyali, ndipo mwendo womwe mukuuyesa wa ethi ndi umene uli ndi moto. Yezani kaye musanalumikize kanthu ku bodi. Pobwezeretsa babu musagwire galasi lake ndi zala, mafuta a m'manja amapangitsa galasilo kutentha malo amodzi nkufa msanga.

FUNSO: Bambo amakaniko, kumbuyo kwa galimoto yanga kukuchitika zodabwitsa. Ndikaponda buleki kamuvi ka indiketa pa dashibodi kamayaka pang'ono, ndikayatsa indiketa ya kumanja anthu akuti nyali ya buleki nayonso ikuphethira, ndipo usiku ndikaponda buleki nyali ya kumanja m'malo mowala kwambiri imathimiratu. Mvula ikagwa ndiye zimanyanya. Wina wandiuza kuti mawaya onse a galimoto aola afunika kusintha. Zoona zimenezi?
Mayi wodabwa

YANKHO: Mayi, amene wakuuzani zosintha mawaya onseyo musamupatse makiyi. Zomwe mwafotokozazi ndi chizindikiro chodziwika bwino kwambiri pa zamagetsi a galimoto, ethi ya nyali ya kumbuyo kumanja yafa kapena ili pafupi kufa, ndipo nthawi zambiri ndi ntchito ya theka la ola.

Moto wa galimoto umachoka kubatire, kudutsa m'babu, nkubwerera kubatire kudzera mu bodi yachitsulo. Mababu onse a mu nyali imodzi ya kumbuyo, ya buleki, ya paki (yozirala yoyaka usiku ija), ya indiketa, ya rivesi, amabwerera pa waya umodzi. Waya umenewo ukatsekeka moto sukhala pansi nkumadikira ayi, umafuna njira ina, nde umalowa chambuyo m'babu yoyandikana nayo, kutsata waya wa babu imeneyo mpaka ukapeze ethi kwina, kaya kunyali ya kutsogolo kaya pa dashibodi. Ndi chifukwa chake kamuvi kanu kakuyaka mutaponda buleki, moto wa buleki ukubwerera kudzera njira ya indiketa.

Za kuthima usiku zija nazonso zili ndi chifukwa chake. Babu ya buleki pa magalimoto ambiri akale ndi ya 21/5W, mkati muli tiwaya tiwiri, kowala kwambiri ka buleki ndi kozirala ka paki, tonse timagwiritsa ntchito chitsulo cha thunthu la babu ngati ethi. Masana paki ili yothima moto wa buleki umazembera pa kawaya ka paki nkupeza njira, nyali nkuyakako pang'ono. Usiku paki ikayaka mbali zonse ziwiri zili ndi 12 volts, kulibe kotsikira, nde babu imangothima.

Kuti mutsimikize musanamasule zambiri, tengani kawaya kotalika mita imodzi, mbali ina mugusitse pachitsulo cha soketi ya babu, mbali ina pa bauti yowala ya bodi, wina aponde buleki. Zamatsenga zonse zija zikatha nthawi yomweyo, mwapeza. Chotsani nyaliyo muone mkati, ndikuganiza mupeza madzi kapena chizindikiro chake, masoketi a dzimbiri, ndi zobiriwira pa timano ta pulagi. Palani masoketi ndi kasandipepa kokulunga pa pensulo, tsukani pulagi ndi sipuleyi yotsukira zamagetsi, konzani pomwe ethi yamangidwa ku bodi. Mukaona zobiriwirazo zalowa mkati mwa waya sendani chikopa chake muone, kopa akada kapena kubiriwira amayenda choncho pansi pa pulasitiki mtunda ndithu, dulani mpaka pabwino. Ndipo musaiwale pomwe madzi akulowera, labala ya kuseri kwa nyali ikauma kapena galasi likang'aluka mukonza lero chaka chamawa zabwereranso.

Pali kanthu kena koti muone poti mwatsegula kale. Babu ya 21/5W ili ndi timadontho tiwiri pansi ndipo timapini take ta m'mbali sitili pa mzere umodzi, kena kali m'mwamba kena m'munsi, dala kuti isalowe mozondoka. Koma anthu amakakamiza, ena amalowetsamo babu ya 21W ya kadontho kamodzi, kadontho kameneko nkugunda mbali zonse ziwiri za soketi. Zikatero mukaponda buleki paki yonse imayaka mpaka magetsi a dashibodi. Ndinaonapo munthu atamasula dashibodi yonse chifukwa cha babu imodzi yolakwika.

FUNSO: Akulu, fyuzi ya paki ndi magetsi a dashibodi ikumapsa koma osati tsiku lililonse, imatha sabata ziwiri ili bwino kenako kupsa kawiri tsiku limodzi. Inali ya 10 yofiira, ndinaikapo ya 20 nayonso yapsa. Mnzanga akuti ndingokulungapo waya basi zithe. Ndiyese ya 30?
Wa pikapu yakale

YANKHO: Ayi achimwene, ya 30 ayi, waya ayi, pepala lonyezimira lomwe ena amakulunga pa fyuzi ayinso, ndipo ya 20 mwaikayo ichotseni lero mubwezere ya 10. Fyuzi saikira kuteteza babu, amaikira kuteteza waya. Waya wa paki ndi wopyapyala, anauyeza kuti fyuzi ya 10 iyambe kupsa iwo usanatenthe, nde mukaika yaikulu ndiye kuti chopsa chikhala wayayo, ndipo wayayo sali yekha, wakulungidwa mumtolo limodzi ndi anzake ambirimbiri kuseri kwa dashibodi. Akasungunuka amamatirira onse, apo ndiye kusintha mawaya onse kuja kumakhala koona, mwinanso galimoto kuyaka kumene. Mitundu ija ili ndi tanthauzo, yofiira ndi 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30, ndipo nambala yoyenera yalembedwa pa chivundikiro cha bokosi.

Kupsa kwa ya 20 kwatiuzako kanthu komabe. Mababu a paki ndi a 5W, onse pamodzi ndi a nambala puleti ndi a dashibodi sakoka moto wofika pamenepo, nde si kuti katundu wachuluka, ndi shoti yeniyeni, waya wosenda akugunda bodi nthawi zina galimoto ikagwedezeka.

Vuto lofufuza shoti ndi loti ukaika fyuzi yapsa, moto wathima, ulibenso choyeza, anthu amamaliza paketi yonse ya mafyuzi choncho. Njira yake nayi. Tengani fyuzi yopsa kale, lumikizani mawaya awiri pa miyendo yake, mawayawo apite kubabu ya 21W, kenako lowetsani fyuziyo m'malo mwake muyatse paki. Tsopano moto wonse ukudutsa m'babu yanuyo, ndipo singalole wochuluka kudutsa, nde palibe chomwe chingapse. Shoti ikakhala palibe babuyo imawala mocheperako, shoti ingogunda imawala mphamvu zonse. Ikani pomwe mukuyiona muyambe kugwedeza mawaya, kutsegula ndi kutseka zitseko, kuzula mapulagi a nyali imodziimodzi.

Koyambira ndi komwe munthu anagwirako. Mawaya a kufakitale oti sanakhudzidwe sakonda kuchita shoti okha, nde dzifunseni kuti ndi chiyani chinaikidwa pambuyo pake. Wailesi ndiye woyamba. Kuseri kwa wailesi kuli waya wa magetsi a dashibodi womwe umakhala pa fyuzi yomweyi ya paki, oika wailesi ambiri amangoudula nkuusiya wosakulunga, nde umalendewera nkumagunda chitsulo pabampu. Kenako alamu, masipotilaiti, soketi ya ngolo kumbuyo ngati ilipo. Poti yanu ndi pikapu gonani pansi mutsate mtolo womwe ukupita kumbuyo motsatira chasisi, muone pomwe ukukhuzana ndi chitsulo chakuthwa, pomwe wayandikira ekizozi, ndi kawaya ka nyali ya nambala puleti komwe kamakonda kupanidwa ndi bampala. Onaninso pomwe mawaya akudutsa pabowo kuchoka ku injini kulowa mkati, pamayenera kukhala labala, ikagwa chitsulo chimadya waya pang'onopang'ono. Makoswe nawonso musawaiwale ngati galimoto imakhalitsa osayenda.

Mukapeza musangopota ndi zala nkukulunga tepi, ntchito zoterozo ndi zomwe zimabala makalata ngati anuwa zaka ziwiri kutsogolo, tepi imamatuka ndi kutentha. Dulani powonongeka, ikanipo waya wonenepa mofanana, lumikizani ndi soldering iron kapena ndi timachubu tofinya tija, vekani heat shrink, kachubu ka pulasitiki kofinyika kakatenthedwa, kenako mangani mtolowo kuti usakhuzenso pomwe unakhuza. Musanadule waya aliyense chotsani kaye negative ya batire. Ndipo mukaona mawaya kapena mapulagi achikasu chowala pansi pa chiwongolero kapena pansi pa mpando, amenewo ndi a airbag, musawayeze ndi tesita, musawadule, alambalaleni.

FUNSO: Ndaika mababu a LED mu indiketa, akuwala bwino koma akuphethira mothamanga ngati galimoto yachita mantha. Ndalakwitsa waya?
Mnyamata wokonda zowala

YANKHO: Simunalakwitse waya aphwanga, galimoto ikuganiza kuti babu yapsa. Kabokosi kophethiritsa indiketa anakapanga kuti kaziyembekeza mababu awiri a 21W mbali iliyonse, ndipo kamaphethira pakati pa ka 60 ndi ka 120 pa mphindi. Babu imodzi ikapsa moto wokokedwa umachepa, iko nkuyamba kuthamanga dala kuti dalaivala adziwe. LED imakoka pang'ono kwambiri nde kabokosiko kakuona ngati onse apsa. Njira yabwino ndi kusintha kabokosiko muike kopangira LED ka miyendo yofanana ndi kakaleko. Ena amaika ma resistor a 6 ohms, tizipangizo tokoka moto ngati babu yakale ija, pa babu iliyonse, zimagwira koma amatentha zedi, afunika kumangidwa pachitsulo kutali ndi pulasitiki, komanso babu ikadzafa simudzadziwa poti resistor izidzanamizabe kabokosi kaja. Kwa ena amene simunaike LED koma indiketa ikuthamanga mbali imodzi mwa apo ndi apo, zungulirani galimoto muone babu yomwe sikuyaka, kawirikawiri ndi soketi yadzimbiri.

FUNSO: Amakaniko, kwanga si nyali imodzi, ndi zonse. Usiku ndikaima pa mphambano hedilaiti, dashibodi, zonse zimazirala nkumanjenjemera, ndikaponda mafuta zimawala. Kachizindikiro ka batire kamayaka pang'ono nthawi zina nkuthima. Wina anazula waya wa batire injini ikulira akuti poti sinazime ndiye kuti aliteneta ili bwino. Nde vuto nchiyani?
Bambo woyenda usiku

YANKHO: Bambo, ndiyambe ndi wozula batireyo, asadzachitenso. Kayezedwe kameneko ndi ka nthawi ya magalimoto opanda kompyuta, batire ndi yomwe imameza kulumpha kwa moto wa aliteneta, mukaichotsa injini ikulira moto utha kukwera mwadzidzidzi nkuwotcha kompyuta ya injini, wailesi, kapena aliteneta yomweyo. Komanso sikutsimikizira kanthu, aliteneta yodwala imatha kuyendetsa injini koma osakwanitsa nyali.

Magetsi onse akamachita chinthu chimodzi nthawi imodzi musavutike ndi mababu, pitani komwe moto umachokera. Yambani ndi zosavuta, gwirani makilampu a batire muyese kuwapotoza ndi dzanja, akatembenuka ndiye kuti ndi otakasuka, ndipo ufa woyera kapena wobiriwira uja uchoke, mutu wa batire ndi mkati mwa kilampu ziwale. Tsatirani waya wonenepa wa negative pomwe wamangidwa ku bodi, komanso pali lamba wina wa waya wochoka pa injini kupita ku bodi, ameneyu amaiwalika kwambiri makamaka injini kapena giyabokosi ikatsitsidwapo. Onani fanibeluti, ikatakasuka kapena ikasalala imaterereka nyali zikayaka, nthawi zina imalira tswii polizitsa m'mawa.

Kenako mita pa batire. Galimoto itagona usiku wonse, batire yodzadza imaonetsa 12.6 volts, ikaonetsa 12.2 ili pa theka. Lizani injini, iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Yatsani hedilaiti, fani ndi zina zonse, ngati ikugwa pansi pa 13 nkumakwera pokhapokha mwaponda mafuta, aliteneta yatopa. Ndi kachizindikiro kanu koyaka nkuthima kaja ine ndikukayikira mabulashi, timakala tiwiri tomwe timakhuza mkati mwa aliteneta, tikafupika timagunda mwa apo ndi apo. Timasinthika patokha, pa aliteneta zambiri osafunika kugula yonse. Kunjenjemera kwa nyali kungathenso kukhala diode yakufa, aliteneta imapanga moto wa AC ndipo ma diode ndi amene amausandutsa DC, imodzi ikafa moto umatuluka wamabampu. Mita yabwino mukaika pa AC injini ikulira isafike 0.5 volts, koma timamita totchipa tina timaonetsa manambala openga ngati 30 pa muyeso umenewu, musathamangire kutsitsa aliteneta chifukwa cha zimenezo. Mukapeza moto ukupitirira 15 volts ndiye regulator, kachipangizo koletsa moto wa aliteneta kukwera mopitirira, ndipo imeneyo musachedwe nayo, imapsereza mababu motsatizana nkuwiritsa batire.

FUNSO: Batire yanga ndi yatsopano koma masiku ena m'mawa ndimapeza yatheratu, masiku ena ili bwino. Aneba akuti anaona nyali zofiira kumbuyo zikuyaka pakati pa usiku galimoto ili yokiya. Ine pochoka ndimaonetsetsa kuti ndathimitsa zonse.
Mayi wa galimoto yaing'ono

YANKHO: Mayi, anebawo muwathokoze, akuchitirani theka la ntchito. Nyali za buleki pa magalimoto ambiri zimayaka ngakhale kiyi mwachotsa, ndipo swichi yake ili pamwamba pa chopondera buleki, imagwira ntchito mozondoka, chopondera chikabwerera m'mwamba chimakankha kabatani nyali nkuthima, mukaponda kabatani kamamasuka nyali nkuyaka. Nde chilichonse cholepheretsa kabataniko kukankhidwa mokwanira chimasiya nyali zoyaka, ndipo mababu awiri a 21W akukoka 3.5 amps usiku wonse, pofika m'mawa batire ilibenso mphamvu yolizira injini.

Poti zikuchitika masiku ena okha, mwina chopondera sichikubwerera mpaka kumapeto, sipuling'i yake yafooka kapena pozungulira pake pauma, kapena swichi yasuntha pang'ono pa ulusi wake. Madzulo ano mukaimika galimoto pitani kumbuyo muone, zikakhala zoyaka kokani chopondera m'mwamba ndi phazi muonenso. Zikathima, swichiyo ingofunika kuisendeza pafupi, zambiri zimamasuka ndi nati kapena kungoipotoza. Gwadani ndi tochi muyang'anenso pomwe kabatani kamagunda, pa magalimoto ambiri akale a ku Japan pamakhala kapulasitiki kozungulira konga batani la malaya, kakakalamba kamang'aluka kenako nkugweratu, kabatani nkumalowa pabowo osagunda kanthu. Mukapeza tizidutswa ta pulasitiki pa kapeti pansi pa zopondera, ndi kameneko. Pongodikira kuti mupeze kena, usiku muzizula fyuzi yolembedwa STOP, koma lembani kapepala muike pa chiwongolero kuti m'mawa muibwezere musananyamuke, osayenda pamsewu opanda nyali za buleki.